A Harawa ndi Mtengo wa ku Joni

A Harawa tinawaika m'manda mwezi watha, ndipo mpaka lero ndikudikirabe kuti wina anene zoona za iwo. Pamaliro paja anthu anayankhula mpaka dzuwa kupendeka. Woimira mpingo anati tataya mzati. Woimira banja anati tataya mthunzi. Mawu akuti mthunziwo atangotuluka, amayi amene ndinakhala nawo pamphasa anazyolika onse pamodzi, ndipo wina anatsokomola chifuwa chimene analibe. Kuno ku Bolero palibe amene sadziwa zimene malemuwa anachita ndi mthunzi wa pakhomo pawo.

Ine si wachibale. Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Dedza, ndipo boma litanditumiza kuno ndinapeza nyumba yoyandikana ndi yawo. Pakati pathu panali mpanda wa nkhadze wolekeza m'chiuno. Zambiri zimene ndinene pano ndinazionera pamwamba pa mpandawo. Zina ndinachita kuitanidwa kuti ndikaone, chifukwa a Harawa sankachita kanthu popanda oonerera.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa khosi lalitali lomwe ankalimanga tayi ngakhale popita kukhola la nkhumba. Ndodo anali nayo, koma sinali yoyendera, pakuti miyendo yawo inali yabwinobwino mpaka chaka chomaliza. Inali yolozera. Ankalozera nayo chimanga cha eni ake, denga la eni ake, mwana wa eni ake, kenako n'kunena chimene chalakwika. Pa unyamata wawo anagwirako ntchito pa ofesi ina ya zaulimi. Amene anagwira nawo amati ntchito yawo inali yosunga makiyi ndi kudinda mapepala, koma eni akewo ankangoti anakhala zaka zambiri mu agirikacha. Mawu amenewa ankawatchula atakweza mphuno, ngati akutchula dziko lakutali limene enafe sitidzapondako.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, choti chinthu sichifa chokha, pamakhala munthu. Nkhuku zanga zitatha ndi chitopa chomwe chinasesa mudzi wonse, anabwera kudzandiuza kuti ndazipha ndine pozipatsa madeya a kuchigayo cholakwika. Mwana wa mnansi wina atalephera mayeso, vuto linali la amayi ake osadziwa Chingerezi. Ankakondanso kunena kuti wosaphunzira amaona masamba pomwe wophunzira amaona muzu. Ndinawamva akunena zimenezi kambirimbiri, koma sindinawaonepo atagwada pansi kuti ayang'ane muzu wa chilichonse. Thalauza likanada.

Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Ankakhala kutsogolo, ndipo mlaliki akapunthwa potchula dzina lovuta la m'Baibulo, iwo ankalibwereza mokweza kuti mpingo wonse udziwe kuti alipo. Ine ankandiyankhula m'Chichewa chawo chokoka ngati Chitumbuka, koma mfundo iliyonse yomwe ankaiona yofunika ankaibwereza m'Chingerezi, poopa kuti munthu wa ku Dedza sindinaigwire. Chingerezicho ndi chimene ndimaphunzitsa pasukulu yomwe ankaiona ali pakhonde pawo. Zimenezo sizinawasinthe maganizo.

Ngakhale imfa itayandikira sanasinthe. Atagonekedwa kuchipatala ndinapita kukawazonda, ndipo ndinawapeza akuuza namwino dzina la matenda awo ndi mankhwala amene ayenera kupatsidwa. Nditawafunsa kuti akupeza bwanji, anati thupi lawo lilibe vuto, kungoti akazi awo akhala akuchulutsa mchere m'ndiwo kuyambira tsiku la ukwati. Akazi awowo, a NyaMsiska, anali pomwepo, atakhala pansi m'mbali mwa bedi akusenda nthochi yoti awadyetse. Sanatukule mutu. Ndi mayi wamfupi, wa mawu ochepa. Kunyumba a Harawa sankawaitana ndi dzina. Ankangogogoda ndodo pa simenti ya pakhonde, mayiwo n'kutulukira akupukuta manja.

Koma kuti munthu awadziwe bwino a Harawa ayenera kumva nkhani ya mtengo.

Anali ndi ana aamuna awiri. Woyamba, Chawanangwa, anamwalira ine nditangofika kumene kuno, atadwala kanthawi kochepa. Anasiya mkazi, NyaKondowe, wa ku Mlowe kunyanja, ndi ana awiri aang'ono. Mkamwana ameneyu, monga amatchulira kuno mkazi wa mwana wako, anatsala pakhomopo m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yaikulu. Ndiye ankatunga madzi kumjigo, kulima, kudyetsa nkhumba ndi kuchapa malaya oyera aja a apongozi ake. Wachiwiri, Yotamu, ali ku Joni. Anyamata obwera kuchokera kumeneko amati amasamalira maluwa panyumba ya mzungu wina, ntchito yabwinobwino yopanda manyazi. Koma bambo ake ankauza anthu kuti ndi bwana woyang'anira minda ya kampani.

Chaka china, mvula itangoyamba, matransipota aja onyamula katundu wa ku Joni anatsitsa pakhomo pa a Harawa bulangete, foni ndi kamtengo. Kanali kofika pachifuwa cha munthu, kowongoka bwino, masamba ake otambasuka ngati phazi la bakha. Yotamu anangoti bambo ake akaone mitengo yomwe iye amasamalira. A Harawa anaona zina. Anaona chinthu chimene munthu wina aliyense mu Rumphi muno analibe.

Pakati pa bwalo lawo panali mtengo waukulu wa mango. Anaubzala Chawanangwa ali ku pulayimale. Pansi pake ndi pomwe a NyaMsiska ankatongolera chimanga, pomwe alendo ankakhala, pomwe ana a malemuyo ankasewera. Ndipo m'miyezi ija nkhokwe zimakhala zitapepuka, mango ake ndiwo ankagwira ana m'mimba mpaka madzulo. A Harawa anaitana anyamata a nkhwangwa mtengowo uli ndi zipatso zolemetsa nthambi.

Ndinaima pampanda. "Adada, bwanji osabzala watsopanowo chakumbaliko? Malo alipo ambiri."

"Aphunzitsi," anatero osandiyang'ana, "mtengo wolemekezeka sukhala kuseri kwa mango. Mango ali paliponse. Ngakhale padzala amamera."

Mtengo unagwa masana, mango osapsa ali mbwee bwalo lonse. Ana aja ankatola n'kumaika m'chitenje cha amayi awo. NyaKondowe anaima pakona ya khitchini atagwira pakamwa, misozi ikutsika. A Harawa anamuona. Chitsa chake anachizula, n'kukumbitsa dzenje pamalo omwewo.

Loweruka lotsatira anatiitana, akulu a mpingo, aphunzitsi ndi anansi, kuti tikaone kubzala. Tinapeza mtengo uli kale m'dzenje, dothi litakwiriridwa mpaka pamwamba, ndipo ife tinangopatsidwa mwayi woponyapo dothi lodzaza dzanja ngati pamanda. Kenako panali mawu.

"Mtengo uwu dzina lake ndi mapulo. Si maapulo akudya aja, a Chirambo, tsekani pakamwa. Tsamba lake ndi lija lili pa mbendera ya dziko la Canada. Nyengo yozizira ikafika masamba onsewa adzafiira ngati moto, ndipo magalimoto azidzaima pamsewupo. Kuchokera pagalimoto ya ku Joni kufika m'dzenje muno palibe dzanja lina laukhudza koma langali. Ndaubzala mwa sayansi."

A Chirambo, mkulu wa mpingo mnzawo, mlimi wa fodya wosachedwa kuseka, anafunsa, "Nanga ubala chiyani, adada?"

"Ubala ulemu."

"Yewo chomene," anatero a Chirambo, akuyang'ana nkhuni za mango zomwe zinaunjikidwa pambali.

Anauzungulira ndi njerwa zopaka njereza. Analamula NyaKondowe kuti aziuthirira m'mawa ndi madzulo, ngakhale mvula inkagwa mpaka madzi kuyenda m'misewu. Ndinkamuona mayiyo akuchokera kumjigo atasenza ndowa, mvula ikumukwapula, kukathira madzi pamatope.

Mwezi woyamba mtengo unangokhala chomwecho, osakula, osafa. Kenako masamba anayamba kupsa m'mbalimbali ngati awaulidwa pamoto. Ena anasanduka achikasu n'kuyamba kuyoyoka, pomwe mitengo ina yonse m'mudzimo inali yobiriwira. Posakhalitsa tinthambi ta pamwamba tinauma kuyambira kunsonga, ndipo kuumako kunkatsika pang'onopang'ono ngati munthu akutsika makwerero.

A Harawa anayamba ntchito yawo yodziwa. Poyamba anati ndi chiswe, ndipo a NyaMsiska anathira phulusa la m'khitchini monse, ngakhale chiswe sichinaoneke n'chimodzi chomwe. Kenako anati ndi njala, nathira feteleza wodzaza mbale patsinde penipeni. Masamba anapsa kuposa kale. Anati ndi utsi wa m'khitchini mwanga, poti mphepo imachokera kwanga. Anati ndi ana a sukulu omwe amauloza ndi chala. Tsiku lililonse ankaima kutsogolo kwake atapachika ndodo kumsana, kuuyang'ana kuchokera pamwamba kufika pomwe njerwa zinayambira. Pansi pa njerwazo maso awo sankafikapo.

Nthawi imeneyo kusukulu kwathu kunkabwera mlangizi wa zamitengo, mtsikana wa ku Zomba, kudzathandiza ana kufesa mbande. Ndinamupempha kuti apatukeko. A Harawa anamulandira monga momwe munthu amalandirira mwana wotumidwa kudzapempha moto.

Mtsikanayo sanataye nthawi. Anagwira kanthambi kamodzi n'kukanda khungwa ndi chikhadabo kunsonga, mkati munali mouma mofiirira. Anakandanso chapansi, munali mobiriwira.

"Adada, mtengowu ukadali moyo, koma ukufa kuchokera kumwamba. Zikatere, kawirikawiri vuto silikhala kumasamba. Madzi sakukwera. Tiyenera kuona kumizu."

Anagwada, n'kupisa chala m'dothi, n'kuchinunkhiza. "Panyowa kwambiri pano, mpaka pakununkha. Ndiponso taonani, mtengo umafutukuka pomwe mizu imayambira, koma uwu wangolowa pansi ngati mzati wa khonde. Mwina unazikidwa mwakuya. Mundilole ndifukule pang'ono ndi manja, sindidula muzu."

Ndodo ija inatsika n'kuima pakati pa dzanja lake ndi mtengo.

"Mwana wanga, pamene ine ndinkalowa mu agirikacha amayi ako anali asanamere mano. Pansi apo palibe vuto. Pansi apo ndinakonza ndekha."

Mlangizi anadzuka, kupukuta maondo. Anapempha kuti basi asiye kuuthirira ndi kuuthira feteleza, adule zouma zokhazo, aone ngati ungaphukenso. A Harawa anamuthokoza m'Chingerezi. Atangochoka analamula kuti madzi awonjezedwe.

Kenako anapeza munthu, monga ankapezera nthawi zonse.

Abale ake a NyaKondowe anali atabwera kuchokera ku Mlowe ndi dengu la usipa. Tsiku lina a Harawa anamuona akutaya pabwalo madzi otsukira usipawo, kutali ndithu ndi mtengo. Anakumbukira misozi ija ya pakona ya khitchini, ndipo nkhani inatha m'mutu mwawo. Mkamwana akuthira madzi a mchere pamtengo pobwezera mango a mwamuna wake.

Anaitanitsa bwalo pakhonde pawo. Panali a NyaMsiska, a Chirambo, ndi ine amene ndinaitanidwa ngati mboni. NyaKondowe anagwada patali, pafumbi, atatembenukira kumbali, chifukwa mwambo wa kuno sulola mkamwana kuyang'anizana ndi apongozi ake aamuna kapena kuwayankha mwachindunji. A Harawa ankaudziwa bwino mwambo umenewu. Anasankha woimbidwa mlandu amene sangawayankhe.

"Aphunzitsi, inu mumaona zonse pampanda paja. Nenani."

"Ndimawaona akuthira madzi a kumjigo monga munawalamulira. China sindinaonepo. Ndipo mlangizi uja anati vuto lili pansi."

"Mlangizi uja ndi wa kwanu komwe uko," anatero, ngati Dedza ndi Zomba ndi mudzi umodzi, ndipo umboni wanga unathera pomwepo.

NyaKondowe anayankhula chapansipansi kwa apongozi ake aakazi, koma tonse tinamva. "Amama, auzeni kuti ine mtengo sindinaulakwire. Ndikanafuna kuti ufe ndikanangosiya kutunga madzi, msana wanga ukanapumako."

A NyaMsiska anayang'ana amuna awo, n'kuyang'ana ndodo. "Akuti sanachite."

"Anene chiyani china?" anatero a Harawa. "Munthu wopha mtengo mwakachetechete akhoza kupha munthu mwakachetechete. Chakudya cha manja ake sindidyanso. Abwerere kwawo kunyanja. Ana atsala, malowolo tinapereka."

"Adada," a Chirambo anasiya nthabwala, "mukuthamangitsa mayi wamasiye chifukwa cha mtengo wosadyedwa?"

"Chifukwa cha mtima wake. Mtengowu wangoulula."

A Chirambo anadzuka n'kuchoka osatsazika. Pambuyo pake akulu ena a mpingo anabwera kudzawanyengerera, ndipo anabwerera atamva ulaliki wa momwe mchere umaphera mizu.

NyaKondowe anakwera matola m'mawa wina atanyamula chikwama chimodzi ndi ndowa yake ija. Ana anathamangira galimotoyo mpaka pamphambano. Agogo awo aamuna anali pakhonde akumvera wailesi.

Anawo anasiya kudya bwino. Wamng'ono ankakhala pakhomo la kanyumba kawo kotsekedwa tsiku lonse. A Harawa anati ali ndi njoka zam'mimba. Apa ndi pomwe a NyaMsiska anachita chinthu chokhacho chimene ndikudziwa kuti anachita osafunsa. Anauza amuna awo kuti akupita ndi anawo kuchipatala ku boma kukalandira mankhwala a njokazo. Anawasambitsa, kuwaveka, kukwera nawo minibasi, ndipo sanatsike pachipatala. Anabwerako mawa lake ali okha, fungo la usipa lili m'chitenje. A Harawa anakhala nthawi yaitali osawayankhula. Mayiwo anandiuza pampanda, akuyanika zovala, kuti chikwatiwire sanapumepo ngati nthawi imeneyo.

Mkamwana atachoka, a Harawa analengeza kuti mtengo uchira tsopano. Masamba otsala anayoyoka onse m'nyengo yozizira, osafiira ngati moto, anangoda n'kugwa. Palibe galimoto inaima. Iwo anati mitengo ya ku Canada imatero, imagona, idzadzuka kukayamba kutentha. Kutentha kunabwera. Mitengo ya m'mapiri inaphuka masamba ofiira atsopano monga ichitira chaka chilichonse popanda woiitanira anthu, koma mapulo anangoima ngati chikwapu chozikidwa pansi. Khungwa linayamba kusweka. Ngakhale mpheta zinkangoudutsa.

Munthu wina akanauzula m'mawa anthu asanadzuke n'kuuponya pamoto. A Harawa anaitana anthu. Anati aganiza mozama, ndipo apeza kuti mchere wokha sukanatha kupha mtengo wamphamvu chotere. Mayi uja ayenera kuti anakwirira kanthu patsinde, zinthu za kwawo kunyanja. Mkulu wa mpingo, wokonza matchulidwe a m'Baibulo, anatiitana masana dzuwa likuswa mtengo kuti tikaone akufukula chithumwa.

Anthu anabwera ambiri kuposa tsiku lobzala. A Chirambo anabwera ndi khasu lawo, ndipo anati akumba okha kuti pasadzakhale wonena kuti wina waponyamo kanthu. Anachotsa njerwa. Anakumba, nakumba, mtengo ukungopitirirabe pansi ngati chitsulo cha mjigo. Dothi linkatuluka lakuda, lonunkha ngati madzi a m'dambo. Mkono utalowa mpaka m'chigongono, khasu linakoka waya.

"Ehe!" a Harawa anafuula. "Mwaona? Ndinanena ine!"

A Chirambo anapukuta ndi chala. Unali waya wa kachikwangwani kolembedwa dzina la mtengo, kochokera komwe Yotamu anaugula. Unali utazungulira thunthu n'kulowa m'khungwa, ndipo pamwamba pake panali potupa ngati khosi la mbuzi yomangidwa chingwe chothina. Anakumbanso pang'ono, n'kugwira mtengo ndi manja awiri, n'kukoka. Unatuluka wonse mosavuta, ndipo kumapeto kwake kunali chijumbo chakuda cholimba chija umabweramo, chili chomangidwa bwinobwino monga chinachokera ku Joni. Atachidula ndi mpeni, munatuluka madzi onunkha. Mizu inali itazungulirazungulira mkatimo ngati nkhata, yakuda, yofewa, yosatuluka ngakhale umodzi kukalawa dothi la Bolero.

Tonse tinasuzumira. Kenako mayi wina kumbuyo anaseka kamodzi kokha, n'kudzigwira pakamwa.

A Harawa anayang'ana chijumbocho nthawi yaitali. Ine ndinkaganiza kuti mwina lero ndi tsiku, mwina munthuyu atsitsa khosi. Anakweza ndodo n'kuchiloza.

"Ndani waika ichi?"

"Adada," anatero a Chirambo mofatsa, akupukuta thukuta, "si paja munati kuchokera pagalimoto kufika m'dzenje palibe dzanja lina linaukhudza?"

"Anthu a ku Joni ndi akuba. Amagulitsa mtengo osanena kuti pepala lake siliola. Yotamu naye ndi wopusa, samayang'ana pogula."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba, ndipo tinamva ndodo ikugogoda, kuitanitsa tiyi.

Madzulo a tsiku lomwelo abusa anapita kukawauza kuti atumize mawu ku Mlowe. Yankho la a Harawa linayenda m'mudzi monse. Anati munthu wamkulu sapepesa kwa mkamwana, koma iwo ndi Mkhristu, chitseko chawo n'chotsegula, ndipo mayiyo akadzabwera kudzapepesa chifukwa chosunga ana a Harawa popanda chilolezo adzamukhululukira. Mvula isanagwe anadenula malata a kanyumba kake kaja n'kufolera khola la nkhumba.

M'zaka zotsatira nkhaniyi anaikonza mpaka inasalala. Alendo osadziwa ankauzidwa kuti pabwalopo panali mtengo wa ku Canada, woyamba m'chigawo chonse cha kumpoto, koma unalephera chifukwa dothi la kuno ndi lotsalira. Dzina la NyaKondowe silinkatchulidwa. Chijumbo sichinkatchulidwa. Ankanena zimenezi ali pakhonde, dzuwa likuwawomba kumaso, chifukwa pabwalo ponse panalibenso pobisala. A NyaMsiska anasamutsira ntchito zawo zonse kuseri kwa khitchini. Alendo ankafupikitsa ulendo.

Zidzukulu zawo sanazionenso. Ankanena kuti ndi ana osaleredwa bwino, osadziwa kuzonda agogo.

NyaKondowe anabwera pamaliro. Ananenepa pang'ono, khungu lada ndi dzuwa la kunyanja komwe amayanika ndi kugulitsa usipa. Anabwera ndi ana ake, atatalika moti sindinawazindikire, ndi dengu la ndiwo zothandizira pasiwa. Anagwira ntchito ndi amayi anzake kuyambira m'mawa, kutunga madzi kumjigo womwe uja. Nthawi yoona nkhope itakwana anthu anandandalika, iye anapitiriza kutsuka mbale.

Tikuchokera kumanda, a NyaMsiska anamugwira dzanja pafupi ndi mpanda wanga.

"Mwana wanga, bwerera. Nyumba yaikuluyi ndi yako ndi anawa. Palibenso wokuvuta."

"Yewo, amama. Koma ana azolowera kunyanja. Sukulu ali konko, anzawo ali konko." Kenako anawonjezera kuti, "Inuyo bwerani. Mphasa ilipo."

Anakwera matola tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. A NyaMsiska anadikira kuti masiku a maliro athe, Yotamu, amene anabwera kudzaika bambo ake, abwerere ku Joni, kenako anamanga mtolo wawo. Anandisiyira makiyi ndi nkhuku ziwiri zomwe zinakana kugwidwa. Nkhumba anagulitsa.

Tsopano ndikaima pampanda ndimaona nyumba yotseka, makatani otsitsa, ndi bwalo lalikulu lopanda kanthu lomwe mphepo imazunguzapo fumbi. Dzenje lija silinakwiriridwe bwino, pakadali polowa, ndipo anthu odutsa ayamba kuponyamo zikonyo za chimanga. Kuseri, makoma a kanyumba kopanda denga aja akusungunuka ndi mvula chaka ndi chaka, m'chipinda chogona mwamera chisoso. Khola lofoleredwa ndi malata abwino lili pululu. Mbuzi za a Chirambo zapeza kuti pakhonde paja simenti yake imazizira bwino m'mawa, ndipo tonde wina wamkulu wandevu amakwera masitepe n'kugona pakati penipeni, akubzikula, akuyang'ana anthu odutsa pamsewu. Palibe amene amamuthamangitsa. Wakhalapo masiku angapo tsopano, ndipo sananamizirepo munthu aliyense.